Kafukufuku wa Zaumoyo: Kumudzi ndi M'tauni

Anthu a kafukufuku wa zaumoyo akafika pakhomo, chimodzi mwa zinthu zimene amalemba ndi chakuti banjalo limakhala kumudzi kapena m'tauni. Chifukwa chake tamvani.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 84 amakhala m'midzi, 16 okha m'matauni. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, amene adachita a ofesi ya kalembera ya ku Zomba, adaonetsa kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, kumudzi 39 adali opinimbira, pomwe m'tauni adali 25. Mayi wa kumudzi ankabereka ana pafupifupi asanu, wa m'tauni atatu.

Komatu musafulumire kusirira tauni. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 mpaka 49, a m'tauni pafupifupi 15 adali ndi kachirombo koyambitsa Edzi, kumudzi 7. Ndiponso liwu lakuti "tauni" limabisa zambiri. Limaika pamodzi wa ku Area 10 ndi wa ku Mtandire, wa ku Namiwawa ndi wa ku Ndirande, kumene mabanja angapo amadalira chimbudzi chimodzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre komweko.

Boma ndi mabungwe akamakonza zogawa mankhwala, anamwino ndi mijigo, amayang'ana chiwerengero chotere. Choncho ofufuza akadzabwera, afunseni chiphaso chawo ndi cholinga cha ntchito yawo. Muli ndi ufulu wokana. Koma mukavomera, musawabisire za mwana amene adakusiyani, kapena za madzi amene mumamwa.