KAMPU YA ASILIKALI YA KU ZOMBA

Madzulo ano tikambirane za kampu ya asilikali ya ku Zomba, yochedwa Cobbe Barracks, pakuti mbiri yake ili mbiri ya midzi yanu yomwe.

Pamene Zomba linali likulu la Boma, pamenepa ndi pamene panali pachimake pa usilikali m'dziko muno. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analicha Keyala, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Dzina la kampuyi lichokera kwa Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene anamenya nkhondo pamodzi ndi anthu a kuno ku Somaliland chaka chomwecho.

Koma amene anadzaza kampuyi ndani? Anali ana anu, osiya makasu ndi mabanja. Pa nkhondo ya Chiwaya, kuyambira 1914 kufikira 1918, anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga ndi ku Tanganyika. Ena ochuluka koposa anatengedwa kukhala amtengatenga, nasenza katundu wa nkhondo pamutu. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda, ndipo kumudzi minda inagonera. Pa nkhondo yachiwiri anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Chipilala chachitali cha njerwa chimene muchiona polowa m'Zomba chili chikumbutso cha akufa aja.

M'chaka cha 1964, polandira ufulu, Keyala ya kuno inasanduka Malawi Rifles. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo lero akulu a asilikali alamulira ali ku Kamuzu Barracks. Koma kampu ya ku Zomba ikali ndi asilikali ake.

Tsono mafumu, pempho lathu ndi ili. Amtengatenga ambiri sanalembedwe pa chipilala chilichonse. Maina ao atsala m'mitima ya nkhalamba zokha, ndipo nkhalambazo zili kutha. Itanani anthu pabwalo, funsani banja lililonse amene anapita kunkhondo, ndipo mphunzitsi alembe mainawo m'buku. Amene asunga mamendulo a agogo ao asawagulitse kwa oyendayenda. Mwezi wa November, pokumbukira asilikali akufa, muwerengere ana mainawo.

Tsalani bwino.