MLIMI AYAMBE WAFUNSA MUYESO

Mau olankhulidwa kwa alimi ndi atsogoleri a midzi yozungulira tauni ya Kafue



Asilikali a dziko lino amene anamenya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse m'gulu la Northern Rhodesia Regiment anafika kutali, ku Somaliland mu 1940 ndi ku Burma mu 1944, ndipo maulendo ao anali kuwerengedwa m'mamailosi. Nthabwala ina ya asilikali imanena za mkulu wa nkhondo amene anayang'ana pa mapu nauza anyamata ace kuti kwatsala mamailosi atatu cabe. Dzuwa litalowa asanafike, msilikali wina anati: "Bwana, mailosi ya pa pepala ilibe phiri, ilibe matope, ndiponso sisenza katundu."

Zina zoseketsa zinacitikadi. Pa 23 June 1942 woyendetsa ndege wa ku Germany, Armin Faber, anasokonezeka pomenyana m'mlengalenga. Ataona madzi a Bristol Channel anayesa ndi English Channel, nalunjika kumpoto m'malo mwa kum'mwera. Anatera bwino-bwino pa bwalo la adani ace ku Pembrey, m'dziko la Wales, poganiza kuti wafika kwa anzace ku France. Motero Angelezi analandira ndege yatsopano ya Focke-Wulf 190 osalipira ngakhale kobiri.

Koma kusokera sikuseketsa masiku onse. Pa 1 April 1944 ndege za America zinalakwitsa njira niziponya mabomba pa tauni ya Schaffhausen ku Switzerland, dziko limene silinali pa nkhondo, ndipo anthu 40 anafa.

Monga munthu asokera pa mapu, angasokerenso pa sikelo. Mu July 1983 ndege ina ya ku Canada inafunika mafuta olemera makilogalamu 22,300, koma owerengera anaithira mapaundi 22,300. Paundi sifika ngakhale theka la kilogalamu. Mafuta anatha ndege ili m'mwamba, inatera ku Gimli mainjini ali zii, ndipo mwa mwai wokha panalibe wakufa.

Anthu a ku Kafue nawonso akhala pakati pa miyeso iwiri. Ulalo wa sitima wa pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906 ndi anthu oyeza m'mafiti. Kwa iwo unali wa mafiti 1,400, kwa ana a sukulu a lero ndi wa mamita 427, koma ulalowo ndi umodzimodzi. Mu January 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashilingi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 makilogalamu, malita ndi mahekitala anakhazikika m'malonda ndi m'malimidwe. Komabe miyeso yakale idakali m'kamwa mwa anthu, ndipo apa ndi pamene mlimi amatayira cuma cace.

Thumba la cimanga linali la mapaundi 200, kenaka linakhala la makilogalamu 90, ndipo lero ndi la makilogalamu 50. Ekala ndi yaing'ono: hekitala imodzi ili ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Tsono ambuye akamati anali kukolola matumba 10 pa ekala, ndiye kuti pa hekitala anali kupeza makilogalamu oposa 2,200. Mdzukulu amene wakolola matumba 10 pa hekitala nadzitama kuti walingana nao wapeza makilogalamu 500 okha. Nambala ndi yofanana, koma nkhokwe ya mdzukuluyo idzatha mvula isanagwe.

Cimodzimodzinso feteleza, amene fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga muno mu Kafue mu 1970. Muyeso wa hekitala ukathiridwa pa ekala, ndalama zimatayika ndipo mbeu zingapse. Muyeso wa ekala ukamwazidwa pa hekitala, cimanga cimacita cikasu. Ndico cifukwa cace alangizi a zamalimidwe anaphunzitsa muyeso wa lima, munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Malima anai apanga hekitala imodzi.

Pa malonda napo pafunika maso. Tini yakale ya palafini inali ya magaloni anai, ndiwo malita 18, pamene ndowa ya masiku ano ndi ya malita 20, ndipo onse awiri amachedwa "tini". Wogula amene akana sikelo naumirira ndowa yace ali ndi cifukwa cace.

Motero ndi udindo wa mafumu, atsogoleri a makopaletivi ndi aphunzitsi kuonetsetsa kuti mudzi uli wonse uli ndi cingwe ca mamita 50 coyezera minda, ndi kuti mbeu zigulitsidwa pa sikelo yoyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency. Mlimi akauzidwa mtengo wa thumba, afunse kuti ndi la makilogalamu angati. Akauzidwa muyeso wa feteleza, afunse ngati ndi wa lima, wa ekala kapena wa hekitala. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'caka ca njala phulalo amadyera pamodzi ndi ana ace.