Dzanja la mwana lisanagwire pensulo



Chilumba chino chinadziwa cholembera kale kwambiri. Amishoni a UMCA atakhazikika pano m'chaka cha 1885, ntchito yawo sinathere m'tchalitchi mokha: anatsegula sukulu, nabweretsanso makina osindikizira mabuku. William Percival Johnson anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno, ndipo pomwe mwala wa maziko a tchalitchi cha St Peter's unkaikidwa mu 1903, ana a pano anali atayamba kale kulemba pa masileti. Mbiri imeneyi ndi yonyaditsa, koma kulemba sikuyenda m'magazi. Mwana aliyense wobadwa ku Makulawe, ku Nkhwazi kapena ku Same amayamba ndi dzanja losadziwa kanthu, monga anayambira agogo ake.

Nkhani yomwe ikuvuta m'sukulu za mkombaphala ndi ya changu. Kholo likatumiza mwana wa zaka zitatu, pakangotha mwezi limafuna kuona kope lodzaza malembo, ndipo likapanda kuliona limati mlezi ndi waulesi, ana akungosewera. Mlezi naye, poti amagwira ntchito mongodzipereka ndipo safuna kunyozedwa m'mudzi, amagwira dzanja la mwana n'kumalikoka pa pepala. Zotuluka pamenepo ndi malembo a mlezi, osati a mwana. Mwanayo amangotolapo kufinya pensulo ngati akupha nsabwe, kutopa msanga, ndi kudana ndi kope asanafike n'komwe mu Sitandade 1.

Dzanja limakula mwa dongosolo lake. Mphamvu imayambira pa phewa, kutsikira pa chigongono, kenaka pa mfundo ya dzanja, zala n'kumalizira. N'chifukwa chake mwana wamng'ono amajambula ndi mkono wonse, mizere ikuluikulu yosalongosoka. Kumupatsa mizere yopapatiza ya m'kope pa msinkhu umenewu kuli ngati kupatsa mwana nkhafi ya bambo ake kuti apalase bwato kupita ku Chizumulu. Zomwe makolo ena amazitcha kutaya nthawi ndizo zimakonza zala: kuumba ng'ombe za dongo, kutunga mikanda pa ulusi, kutola nthanga za malambe imodziimodzi, kumanga ndi kumasula mfundo pa chingwe cha ukonde wakale. Chala chomwe chimatsogolera pensulo ndi chija chotchedwa chamkombaphala, ndipo nchoyenera kuti sukulu yotchedwa dzina lomwelo iyambe yachilimbitsa.

Pa zipangizo, Likoma sangadandaule. N'zoona kuti makope ndi mapensulo amachita kuoloka nyanja pa Ilala kapena pa maboti kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo pofika m'sitolo za ku Mbamba mtengo umakhala utakwera. Koma mchenga uli ponseponse, ndipo palibe bolodi lopambana mchenga: mwana amalemba lembo lalikulu ndi chala, akalakwitsa amafafaniza ndi chikhatho, popanda wom'kalipira kuti waononga pepala. Khala lozimitsa limalemba pa katoni. Madzi a m'chitini ndi kanthenga ka nkhuku zimalemba pa simenti kapena pa thanthwe, dzuwa n'kufufuta lokha.

Malembo asanayambe, pamayamba mizere: woima wochokera pamwamba kutsikira pansi, wogona wochokera kumanzere kupita kumanja, wopendekera, ndi wozungulira. Apa mpofunika kuti mlezi aonetsetse, chifukwa chomwe chimazika mizu si maonekedwe a lembo koma njira yomwe dzanja layenda. Mwana akhoza kulemba "o" wooneka bwino atayambira pansi, koma chizolowezi chimenecho chidzamuchedwetsa akadzayamba kulemba mawu athunthu, ndipo kuchichotsa ali ndi zaka 8 ndi ntchito yaikulu kuposa kuchipewa ali ndi zaka 5. Lembo la "o" liyambire pamwamba, lizungulire chakumanzere. Dzanja likazolowera ulendo umenewu, "a", "d" ndi "g" savutanso, pakuti onsewa amayamba chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwa ndodo yokha: yaifupi, yaitali, kapena yolendewera pansi ngati mbedza. Choncho si nzeru kutsata a, b, c mpaka z pophunzitsa kulemba. Malembo oyenda mofanana aphunzitsidwe pamodzi. Ngakhale vuto lodziwika lija losokoneza "b" ndi "d" limachepa mwana akadziwa kuti "b" amayamba ndi ndodo, pomwe "d" amayamba ndi mimba. Ndipo mwana wa zaka zisanu akatembenuza lembo, sichizindikiro cha umbuli. Ana ambiri amatero, n'kusiya okha akamakula.

Lembo lililonse liziyenda ndi liwu lake. Pansi pa ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, ana a Sitandade 1 amaphunzira maliwu a malembo ndi kuwaphatikiza kukhala maphatikizo monga ma, me, mi. Mwana amene ankatchula "u" uku akumulemba mumchenga, n'kukumbutsidwa za usipa, amafika m'kalasi atanyamula kale kanthu. Izi n'zofunika chifukwa mphunzitsi wa Sitandade 1 amakhala ndi ana ambiri, ndipo sangathe kuyang'ana zala za aliyense. Mlezi wokhala ndi kagulu kochepa pansi pa mtengo angathe.

Pali nkhani ina yomwe imanenedwa monong'ona: mwana wamanzere. Mwambo wolandira chinthu kapena kudya ndi dzanja lamanja uli ndi malo ake, koma pa kulemba mwana asiyidwe ndi dzanja lomwe analengedwa nalo. Kumumenya pa zala kuti asinthe kumangobala malembo onjenjemera ndi mantha. Chomwe akufuna n'chochepa: pepala lipendekere chakumanja, ndipo akhale kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisamagundane.

Pensulo ndi kope zifike m'chaka chomaliza cha mkombaphala, mwana akuyandikira zaka 6 zoyambira pulayimale, ndipo kwa mphindi zochepa chabe pa tsiku. Pensulo yaifupi imaposa yaitali, poti imakakamiza zala zitatu kugwira pafupi ndi nsonga. Imodzi itadulidwa pakati imakwanira ana awiri. Mawu oyamba kulemba akhale dzina la mwanayo.

Pempho kwa makomiti a makolo ndi makomiti a chitukuko m'midzi ndi lakuti mvula isanayambe, sukulu ya mkombaphala iliyonse ikhale ndi malichero akale kapena mabeseni a mchenga wouma osungidwa m'kati, makatoni, ndi dongo. Mafunso okhudza maphunziro a alezi apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo, kudzera kwa khansala wa dera.