Kusaka Mawu a Kutsidya kwa Nyanja pa Medium Wave

M'nkhani yathu ya lero tikamba za anthu amene amachezera usiku ali khutu pa wailesi, pofuna kugwira mawu a nyumba zoulutsira mawu za kutsidya kwa nyanja zamchere. Masewera amenewa amatchedwa DX, malembo amene otumiza mauthenga pa lamya ankagwiritsa ntchito kale potanthauza mtunda wautali.

Aliyense amene anakhalapo ndi wailesi ya medium wave akudziwa kuti masana imangogwira nyumba zapafupi, koma dzuwa likangolowa zinenero zachilendo zimayamba kudzazana. Chifukwa chake chili kumwamba. Pa mtunda wa makilomita 60 mpaka 90 kuchokera pansi pano pali mpweya umene, dzuwa likamauwomba, umameza mafunde a medium wave. Usiku mpweyawu umaleka kumeza, kotero mafunde aja amapitirira mpaka pa makilomita 100 kapena kuposerapo, pamene mpweya wina umawabweza pansi monga momwe phiri limabwezera mawu a munthu wofuula. Akagwera pa madzi amchere amadumphanso kubwerera kumwamba, ndipo mwa kudumphadumpha chotero amatha kuwoloka nyanja yonse.

Pa 12 Disembala 1901, Guglielmo Marconi ali ku St John's, pa chilumba cha Newfoundland, analengeza kuti wamva chizindikiro cha lembo la S chotumizidwa kuchokera ku Poldhu, ku England, mtunda woposa makilomita 3,000. Ambiri anadabwa, popeza dziko ndi lobulungira ndipo mafunde amayenda molunjika. M'chaka cha 1902 Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, aliyense payekha, anati kumwamba kuyenera kukhala mpweya wobweza mafunde, ndipo Edward Appleton anatsimikiza zimenezi m'chaka cha 1924.

Tsono wofuna kuyamba ayambire pati? Choyamba ndi nthawi. Njira yonse pakati pa inu ndi nyumba youlutsira mawuyo iyenera kukhala mumdima. Nchifukwa chake kuno kummwera kwa Afirika mawu a kummawa, monga a ku India ndi ku Arabia, amayamba kumveka madzulo, pamene a kumadzulo, monga a ku Brazil ndi ku Argentina, amadikira mbandakucha. Nyengo yabwino ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene usiku umatalika ndipo mphezi zimachepa. M'dzinja mphezi iliyonse, ngakhale yakutali, imamveka m'wailesi ngati chimanga chokazinga.

Chachiwiri ndi kudziwa wailesi yanu. M'kati mwake muli kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya, ndipo ndi kameneka kamene kamakoka mafunde. Kandodoka kamamva bwino kakapingasa njira imene mawu akuchokera, koma nsonga yake ikaloza komweko mawu amazilala. Choncho ngati nyumba yapafupi ikuphimba yakutali, tembenuzani wailesi pang'onopang'ono mpaka yapafupiyo itachita zii, ndipo mwina pansi pake mudzamva mlendo.

Okhwima pa masewerawa amayala waya wautali kwambiri pa timitengo tatifupi, moloza dziko limene akufuna kumva. Njira imeneyi anaitulukira Harold Beverage wa ku America cha m'ma 1920. Kumpoto kwa Finland, ku Lemmenjoki ndi ku Aihkiniemi, kuli timanyumba tam'thengo kumene anthu amakagonera m'chisanu choopsa, atayala mawaya otalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo amagwira ngakhale nyumba zazing'ono za ku America. Inu waya wa mamita 30 kapena 50 ungakuthandizeni, mutaukulunga kangapo kuzungulira wailesi ndi kulumikiza nsonga yake ku chitsulo chokhomedwa pa nthaka yonyowa. Koma chonde, wayayo asayandikire mawaya a magetsi, ndipo kukayamba kugunda muuchotse msanga.

Chachitatu, ndiponso chovuta koposa, ndi kuzindikira amene mwamugwira. Pano pali chinsinsi chimodzi. Kuyambira pa 23 Novembala 1978, nyumba za ku Afirika, ku Ulaya ndi ku Asia zimatalikirana ndi ma kilohertz 9, pamene za ku America zimatalikirana ndi ma kilohertz 10. Mwachitsanzo, WBZ ya ku Boston imaulutsa pa 1030, pakati pa manambala athu a 1026 ndi 1035. Mukamva kalikhweru kosalekeza pambali pa nyumba imene mukuidziwa, nthawi zambiri ndiye kuti pali mlendo wa kutsidya amene akugogoda. Dikirani ola likwane, pakuti ndi pamene nyumba zambiri zimatchula dzina lake. Mawu adzabwera, adzazilala, adzabweranso. Pajatu akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zimene mwamva lembani m'kabuku: tsiku, nambala ya pa wailesi, nthawi ndi zimene zimanenedwa. Nthawiyo ilembedwe m'mawerengedwe a dziko lonse a UTC, amene ali m'mbuyo mwa nthawi yathu ndi maola 2. Mukatumiza zimenezi ku nyumba youlutsira mawuyo, ena amayankha ndi khadi kapena kalata yotchedwa QSL, yochitira umboni kuti munawamvadi.

Komabe, omvera athu, masewerawa ali pa chiopsezo. BBC inaleka kuulutsa pa 648 kuchokera ku Orfordness m'chaka cha 2011. Pa 31 Disembala 2015 Radio France ndi Deutschlandfunk ya ku Germany zinazimitsa makina awo a medium wave. Ku Brazil, lamulo la m'chaka cha 2013 linatsegulira nyumba zambiri njira yosamukira ku FM. Nyumba ikazimitsa makina ake, mwayi woimva umapitiratu. Pamwamba pa izi, m'mizinda matchaja a foni, mababu amakono ndi makompyuta zimatulutsa phokoso limene limakwirira mawu ofooka.

Apa ndi pamene munthu wakumudzi ali ndi chuma chimene a m'tauni alibe, ndicho bata. Wailesi ya mabatire, kutali ndi mawaya a magetsi, ingamve zimene makina okwera mtengo amalephera pakati pa mzinda. Tsono usiku uno zimitsani tchaja, tulukani panja ndi wailesi yanu, ndipo yendetsani muvi wake pang'onopang'ono kuyambira pa 531 mpaka pa 1602, kabuku ndi pensulo zili pafupi.