Munthu wa pa Cilumba ca Lemnos

 Nkhani yathu ya lero icokera ku dziko la Agiriki, ndipo ndi yakale ndithu. Anailemba ndi Sophocles, mlembi wa masewero wa mu mzinda wa Athens, ndipo anthu anayamba kuionera m'caka ca 409 Kristu asanabadwe. Pa nthawiyo Sophocles anali nkhalamba ya zaka zoposa 80, komabe ndiye analandira mphotho yoyamba pa mpikisano wa caka cimeneco. Analemba masewero oposa 120, koma amene anatifika athunthu ndi 7 okha. Limodzi la iwo ndi ili la Philoctetes.

Pamene Agiriki anali pa ulendo wa pamadzi kukathira nkhondo mzinda wa Troy, Philoctetes, mmodzi wa atsogoleri ao, anayandikira kacisi wa mulungu wamkazi dzina lace Chryse, ndipo njoka yolonda malowo inamluma phazi. Cironda sicinapole. Cinayamba kununkha, ndipo mwini wace anali kubuula kosaleka, kotero kuti anzace sanathe kupereka nsembe mwa bata. Akuru a nkhondo, Agamemnon ndi Menelaus, analamula kuti amtaye, ndipo Odysseus ndiye anagwira nchitoyo. Anamdikira kuti agone tulo pa gombe la cilumba ca Lemnos, namsiyira nsanza zowerengeka ndi kacakudya pang'ono, nabwerera m'zombo zao. Podzuka munthu uja anaona nyanja yokha. Anakhala komweko zaka 10.

Pano pali cinthu coyenera kuti aphunzitsi aciuze ana ao a sukulu. Lemnos weni weni cinali cilumba ca anthu, ca midzi ndi minda. Alembi ena awiri, Aeschylus ndi Euripides, analembanso masewero a nkhani yomweyi, ndipo mwa iwo anthu a pa cilumbapo alimo, nalankhula ndi wodwalayo. Ticidziwa ici cifukwa Dio Chrysostom, amene anawerenga masewero onse atatu patapita zaka ngati 500, anawalinganiza m'zolemba zace. Sophocles yekha ndiye anacotsapo anthu onse. Anacita dala, kuti tione cimene cimatsala mwa munthu akakhala wopanda womyankha.

Tisanamuone mwini wace, tiyamba taona nyumba yace. Ndi phanga la makomo awiri. Mkati muli masamba ogonapo, cikho ca mtengo cosemedwa moipa, ndi zokolezera moto. Panja pali nsanza zodzala mafinya zoyanikidwa pa dzuwa. Cuma cace ndi comweco, kuonjezapo cinthu cimodzi: uta wa Heracles, umene mibvi yace siphonya. Heracles anampatsa utawo cifukwa iye yekha ndiye anabvomera kuyatsa nkhuni za maliro ace pa phiri la Oeta. Ndi uta umenewo analasa mbalame, nazikwawira kukazitola, akukoka phazi lace pansi.

Pofika alendo, cinthu coyamba cimene apempha si cakudya, si mankhwala. Awapempha kuti asaope maonekedwe ace a cirombo, ndi kuti alankhule, amve ngati ali Agiriki. Atamva cinenero ca kwao, nkhalamba ija ikondwa ngati mwana. Inu amene munakagwira nchito kutali, ndipo tsiku lina munamva munthu akulankhula cinenero ca kwanu pakati pa anthu acilendo, simusowa kuti ndikumasulireni. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tiri tiwiri n'tianthu. Amarinyero ena anali kukoceza pa Lemnos mwangozi m'zaka zimenezo. Anamcitira cifundo ndi pakamwa, nampatsa cakudya kapena cobvala, koma pakunena za kumtengera kwao, onse anakana.

Nanga alendo awa adzeranji? Agiriki anagwira Helenus, mwana wa Priam mfumu ya Troy, amene anali mlosi. Iye anaulula kuti mzindawo sudzagwa pokhapo Philoctetes atabwera ndi uta wace. Taonani m'mene milungu inaikira zinthu: munthu amene anamtaya cifukwa ca kununkha, ndiye amene alikumsowa tsopano. Odysseus anadziwa kuti akangooneka pamaso pace adzalasidwa. Cotero anatenga Neoptolemus, mwana wa Achilles, mnyamata amene sanali nao pa tsiku la kutayalo, namphunzitsa bodza loti akanene: kuti iyenso anayambana ndi akuru a nkhondo cifukwa anammana zida za atate wace, nazipatsa Odysseus.

Mnyamatayo poyamba anakana. Anati kuli bwino kumgwira ndi mphamvu poyera, kapena kulephera kumene, kusiyana ndi kupambana mwa cinyengo. Odysseus sanakwiye. Anamuuza kuti iyenso ali mnyamata anakhulupirira dzanja, koma zaka zinamphunzitsa kuti lilime ndilo litsogolera zonse; nampempha kuti ataye manyazi kwa kanthawi kocepa ka tsiku limodzi, pambuyo pace adzamveka wolungama masiku onse. Ndiyesa kuti palibe nyambo ina imene inakola anyamata ambiri koposa imeneyi. Neoptolemus anafuna ulemu wa kugwetsa Troy, nabvomera.

Bodza linagwira msanga, pakuti munthu wolakwiridwa sacedwa kukhulupirira mnzace wonena kuti analakwiridwa ndi anthu omwewo. Philoctetes afunsa za abwenzi ace mmodzi mmodzi, pakuti zaka 10 sanamve mbiri iri yonse. Achilles anafa. Ajax anafa. Patroclus anafa. Thersites, munthu wa pakamwa poipa, akali moyo. Maliro amene ena analira kale kale, iye awalira onse m'ola limodzi, pamaso pa mnyamata amene alikumnyenga.

Ali pafupi kupita ku combo, nthenda imgwira. Apfuula, apempha kuti amdule phazi, ndipo poopa kuti uta ungabedwe ali cikomokere, aupereka m'manja mwa Neoptolemus kuti amsungire. Kenaka agona tulo. Cimene anadzera cija ciri m'manja mwace tsopano, coperekedwa ndi mwini wace. Amarinyero alikumnong'oneza kuti nthawi yace ndi ino. Mnyamatayo sacoka. Podzuka wodwalayo ayamika kuti sanamsiye monga anacitira ena aja, ndipo ciyamiko cimeneco ndico cimthyola mtima Neoptolemus. Aulula zonse.

Koma kuulula sikuthetsa mlandu. Mnyamata ali pakati pa mangawa awiri, ndipo onse ndi oona. Akabweza uta, apandukira akuru ace, ndi ankhondo amene alikufa pansi pa malinga a Troy. Akausunga, apha munthu wolumala amene anamkhulupirira, pakuti wopanda uta adzafa ndi njala. Philoctetes amdandaulira, koma iye ayang'ana kumbali, osayankha. Pamenepo wodwalayo aleka kulankhula ndi anthu, natembenukira kwa matanthwe, magombe ndi nyama za m'phiri, amene ali mboni zace za masiku onse, nati mbalame zimene anali kudya zidzamudya iye tsopano. Odysseus aturukira, nanena mwa mwano kuti munthuyo angotsala, popeza Teucer kapena iye mwini akhoza kukoka utawo. Apa Odysseus anamva theka lokha la ulosi. Mlosi ananena za munthu, ndi kuti abwere atakopedwa ndi mau. Odysseus anamva za cida.

Neoptolemus apita ndi uta kunka ku combo, koma pa njira abwerera. Odysseus amuopseza ndi mkwiyo wa gulu lonse la nkhondo, nagwira lupanga. Mnyamata agwiranso lace, napereka uta kwa mwini wace. Ndipo pamene Philoctetes aloza mubvi pa Odysseus, ndi mnyamata yemweyo amgwira dzanja.

Mlembi wina akadatsiriza pamenepa. Sophocles apitirira, ndipo cotsatiraco ndico cowawa koposa. Tsopano Neoptolemus alankhula coonadi cokha: ku Troy kuli ana a Asclepius, asing'anga amene adzapoletsa cirondaco, kuli ulemu woposa wa onse. Philoctetes akana. Asankha phanga ndi mafinya kusiyana ndi kuonana maso ndi Agamemnon. Ambiri powerenga amati nkhalambayi ndi youma mutu, ndipo mnyamata yemwe amuuza kuti wasanduka wolusa, wosalandira uphungu, woyesa mdani ali yense womfunira zabwino. Nzoona. Kukhala yekha kunamdya malo ena amene njoka sinafikepo. Mkwiyo ndiwo unamfunditsa zaka 10, ndipo kuusiya kuli ngati kubvula copfunda cace cotsiriza. Komatu ine sindifulumira kumdzudzula. M'sewero lonse palibe mau amodzi a kupepesa ocokera kwa amene anamtaya. Iye mwini anena kuti cimene aopa si zakale zija, koma zimene anthu otere adzamcitiranso.

Pomariza Neoptolemus agonja, nabvomera kumperekeza kwao kwa atate wace Poeas, monga analonjeza muja ali kunama. Ataya Troy, ataya ulemu. Anthu awiri ayamba kuyenda kunka ku gombe, ndipo zimene milungu inaikiratu ziri pafupi kulephereka cifukwa mnyamata mmodzi wasunga mau ace.

Pamenepo Heracles aoneka kumwamba, nanena cifuniro ca Zeus: apite ku Troy, akacira, akapha Paris, ndipo awiriwo akasungane. Philoctetes abvomera pomwepo. Akatswiri akhala akutsutsana za mathero amenewa. Ena ati mlembi anangodula mfundo imene inamkanika kumasula. Ena ati iai, Heracles ndiye bwenzi limodzi limene silinamnyenge konse, ndiponso munthu amene anabvutika yekha asanalandire ulemerero. Cimene sakadamvera kwa mkuru wa nkhondo, acimvera kwa iye. Ine nditsamira kwa aciwiriwa, koma pali kanthu kamene kandiletsa kukhazikika mtima. M'masewero a Agiriki olankhula anali atatu okha, osinthana zobvala kumaso. Popeza Philoctetes ndi Neoptolemus ali pa bwalo, wotsala woti akhale Heracles ndi yemwe uja anali Odysseus. Anthu a ku Athens anamva mau a mulungu akuturuka pakamwa pa munthu amene wakhala akuwanamiza kuyambira pa ciyambi.

Heracles awacenjezanso kuti pakupasula mzinda akalemekeze za milungu. Oonera onse anadziwa nthano ya masiku otsatira: kuti Neoptolemus yemweyu, mnyamata wa cifundo uja, ndiye anadzapha nkhalamba Priam pa guwa la nsembe la Zeus. Sophocles sanenapo kanthu. Angolola Philoctetes kuti atsazike, ndipo iye atsazika phanga lace, akasupe amene anamwako, mkokomo wa mafunde amene anali kumnyowetsa mutu ali m'kati, ndi phiri limene linali kumbwezera kubuula kwace nthawi ya namondwe.