Thundu, Mtengo Wodzalira Adzukulu

Sabata ino tipita ku Ulaya kukaona mtengo umene Angerezi amautcha oak, pamene akatswiri a zomera amati Quercus robur. M'mabuku ena a Chichewa mitengo ya mtundu umenewu imatchedwa thundu, ndipo nafenso tiutchula ndi dzina lomwelo.

Mtengowu umamera pafupifupi m'maiko onse a ku Ulaya, kuyambira ku Ireland mpaka ku mapiri a Caucasus. Umakonda zigwa za dothi lakuya ndi lachonde, losunga chinyezi. Ukakula umatalika mamita 20 mpaka 40, ndipo nthambi zake zimatambalala ngati za mkuyu. Masamba ake ndi okhotakhota m'mphepete, okhala pa kaphesi kakafupi kwambiri. Kuno kwathu mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe chifukwa cha kuuma kwa nthaka, koma mtengo wa thundu umayoyola pothawa chisanu. Pofika Disembala umaoneka ngati wouma, ndipo umaphukiranso mu Epulo kapena Meyi.

Alimi a chimanga sadzavutika kumvetsa za maluwa ake. Maluwa aamuna amalendewera ngati tingayaye, ndipo mphepo ndiyo imanyamula mungu kuupereka ku maluwa aakazi. Chipatso chake ndi nthanga yolimba yonga mtedza, yokhala m'kachikho kolendewera ku phesi lalitali. Nthangazi zimakhwima mu Sepitembala ndi Okutobala. Koma tamverani ichi: kawirikawiri mtengowu suyamba kubala usanakwanitse zaka pafupifupi 40, ndipo ina imakhala ndi moyo zaka zoposa 800.

Nanga m'nkhalango amaufesa ndani? Kuli mbalame ya m'banja la khwangwala, yotchedwa jay, imene imakwirira nthanga zikwizikwi m'nthaka kusungira nyengo ya chisanu. Zimene yaiwala kufukula ndizo zimamera. Mtengo nawo umabweza ufuluwo, pakuti kafukufuku wa mu 2019 ku Britain anapeza kuti mitundu 2,300 ya mbalame, tizilombo, bowa, ndere ndi zamoyo zina imapeza chakudya kapena pogona m'mitengo ya thundu.

Anthu nawo apindula nawo kuyambira kale. Makungwa ake ali ndi mankhwala owawa amene ankafufutira zikopa. Mankhwala omwewo ndiwo amateteza mtima wa mtengo kuti usaole msanga, nchifukwa chake matabwa ake amapangira mipando, zitseko, mitanda ya denga ndi migolo ya vinyo. Nthanga zake zimanenepetsa nkhumba, koma zimadwalitsa akavalo ndi ng'ombe zikadya zambiri. Ku New Forest ku Mangalande, eni ziweto amamasula nkhumba chaka ndi chaka kuti zitole nthangazo akavalo asanazidye.

Ntchito zazikulu zinkameza nkhalango zathunthu. Sitima ya nkhondo ya Victory, imene inaikidwa pa madzi mu 1765, inadya mitengo pafupifupi 6,000, yambiri mwa iyo ya thundu. Denga la tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris litapsa mu 2019, amisiri anafunika mitengo ya thundu yoposa 1,000 kuti alimangenso, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso mu 2024. Mitengo imeneyo inadzalidwa kapena kusamalidwa ndi anthu amene anamwalira kalekale.

Nkhani imene ndifuna mutsale nayo ndi ya ku Sweden. M'zaka za m'ma 1830, boma la kumeneko linaona kuti mitengo yokhomera sitima za nkhondo ikutha. Linalamula kuti pa chilumba cha Visingsö, m'nyanja ya Vättern, padzalidwe mitengo ya thundu pafupifupi 300,000. Mu 1975 oyang'anira nkhalangoyo anadziwitsa mkulu wa asilikali a pamadzi kuti mitengo yake yakhwima. Nthawi imeneyo nkuti sitima atayamba kalekale kuzipanga ndi chitsulo.

Kodi anthu aja anataya thukuta pachabe? Iai. Nkhalangoyo ikalipo, alendo amapita kukaiona, ndipo matabwa ake amagwira ntchito zina zimene odzalawo sanaziganizire nkomwe. Analakwitsa pa za sitima, koma pa za mtengo analondola.

Akulu akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuno kwathu tilinso ndi mitengo yochedwa kukula, monga mlombwa ndi mbawa, imene amisiri athu amaifunafuna. Chitseko cha mlombwa chimene mwatsegula m'mawa uno chinachokera ku mtengo umene inu simunaudzale. Tsono funso nali, omvera: kodi mdzukulu wanu adzatsegula chitseko cha mtengo uti?