ZA SITIMA YA MOTO, NDI CIMENE IFE TINGASUNGEKO

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa ku Mbedza, Zomba. Alembedwa kuti abale amene sanakhoze kufika awerenge.



 Pamene mlembi wathu analengeza kuti ndidzalankhula za sitima ya moto, mbale wina anandiseka pa njira, nati, Kodi munthu wa ku Zomba adziwa ciani za njanji? Sindinakwiya, pakuti ananena zoona. Mudzi uno unakhala likuru la Boma kufikira caka ca 1975; Bwanamkubwa anakhala kuno, malamulo a msonkho analembedwa kuno, ngongole za dziko zinabvomerezedwa kuno; koma njanji siinafike kuno tsiku ndi limodzi lomwe. Wofuna kukwera sitima anayenera kupita ku Limbe, ulendo wa mamailo ngati 40. Ngakhale njanji ya ku Nacala, imene inatsegulidwa m'caka ca 1970, inatilambalala, niwoloka Shire pa Liwonde. Cifukwa cace ndirikulankhula monga mdzukulu wa anthu amene analipira cinthu cimene sanacimve kulira pakhomo pao.

Mundilole ndiyambe ndi mbiri, pakuti anyamata athu ambiri ayesa kuti njanji inamera yokha monga nsungwi.

Kale katundu yense wa Azungu analowa m'dziko lino pa madzi: kucokera ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, kukwera Zambezi ndi Shire. Pamene sitima za pamadzi zinalekezera, mitu ya makolo athu inayambira. Amenewo ndiwo atengatenga, amene anasenza mitolo kukwera mapiri kufikira Blantyre, ndi Zomba yemwe. Koma madzi a m'Shire anayamba kucepa, sitima zinatsakamira pa mcenga, ndipo eni minda ya khofi ndi thonje anadandaula kuti anthu onse apita ku mtengatenga, olima m'minda asowa. Musayese kuti njanji inadza cifukwa ca cifundo pa makosi a osenza. Inadza cifukwa ca katundu. Kampani ya Shire Highlands Railway, imene Eugene Sharrer anali mwa eni ace, inayamba nchito m'caka ca 1903, ndipo Boma linailonjeza dziko la maekala oposa 300,000 likhale mphotho yace. Dziko limenelo silinali lopanda eni. M'caka ca 1908 sitima inafika ku Blantyre kucokera ku Port Herald, kumene lero tikuti Nsanje, mamailo 113.

Amene anayendapo adziwa kuopsya kwa njirayo. Icoka ku cigwa cotentha, nipita pa Chiromo, nikwera m'mbali mwa Ruo mokhotakhota, kudzera Sankhulani ndi Luchenza, kufikira Limbe. Ndipo kukwera kwace konse kuposa mapazi 3,000. Zonsezo zinakumbidwa ndi makasu ndi mapiki, dothi nkutuluka m'madengu.

Zotsatira ndizichula msanga. M'caka ca 1922 njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza Beira ndi gombe la kumwera la Zambezi, ndipo anthu ndi katundu anawoloka mtsinjewo pa sitima ya pamadzi kufikira 1935, pamene ulalo waukuru wa pakati pa Dona Ana ndi Sena unatha kumangidwa, utali wace woposa mamailo 2. Caka comweco njanji inafika ku Salima. Ku Lilongwe inafika 1979, ku Mchinji 1980. Koma pa ulalo uja ndiima pang'ono. Njanji ya Trans-Zambezia iri m'dziko la eni, lomwe linali la Apwitikizi, koma ngongole yace inasenzetsedwa pa cuma ca Nyasaland, ndiye kuti pa msonkho wa nyumba umene agogo athu anapereka. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza m'caka ca 1975 kuti ngongole za njanjizi zinali mwa zinthu zimene zinasaukitsa dziko lino, ndarama zimene zikadamanga sukulu ndi zipatala zikupita kukabweza mangawa. Ena atsutsana naye pa muyeso wace, koma palibe akana kuti tinalipira. Tsono munthu akati sitima ya moto ndi cinthu ca Azungu, ife tisungirenji, ine ndimuyankha kuti cinthu cimene unacikumbira njira, nucilipira, nucisonkhezera moto, ndi cako.

Pa mitu ya sitima yoyamba ya njanji yathu panali iwiri yaing'ono yopangidwa ndi W. G. Bagnall ku Stafford, m'dziko la England. Maina ace ndiwo Thistle ndi Shamrock. Pamene injini za dizilo zinalowa m'malo mwa za moto, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mitu yambiri inadulidwa nkukhala zitsulo cabe, koma iwiri iyi inapulumuka. Thistle inasungidwa pa steshoni ya Limbe, Shamrock niikidwa pa nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Ndinapita kukaiona Shamrock ndi ana anga. Wamng'ono anaizungulira, naigogoda ndi cala, nandifunsa kuti, Atate, mafuta athira pati? Ndinaseka, koma pobwerera m'galimoto ndinakhala cete, popeza ndinaona kuti citsulo tinasunga, koma nzeru yace sitinasunge.

Nzeruyo ndinaimva kwa nkhalamba ina imene inakhala pafupi nafe kuno zaka zambiri itapuma nchito. Pa unyamata wace inali wosonkha moto pa sitima. Ndinena zimene inandiuza monga ndizikumbukira. Mutu wa sitima ya moto uli ngati mphika waukuru wogona cammbali. Kumbuyo kuli ng'anjo. Moto ndi utsi zipita m'mipope yambiri yopyola m'kati mwa madzi, nizituruka pa cumuni kutsogolo. Madzi awira, nthunzi ipanikizana, ndipo woyendetsa akatsegula njira, nthunziyo ikankha zitsulo ziwiri zobwerera uku ndi uku, izo nizizunguza magudumu. Kunena nkosabvuta. Koma injini yozizira suiyatsa monga galimoto. Munthu adzuka usiku, nakoleza moto pang'ono pang'ono maora angapo, pakuti citsulo cotenthedwa mofulumira cing'aluka. Malasha saponya mulu pamodzi. Awamwaza mopyapyala, m'ngondya zonse, ndipo utsi wakuda bii ndiwo umboni wa wosonkha moto waulesi. Pokwera phiri, wosonkha moto ayenera kudziwa citunda cisanafike, pakuti malasha oponya tsopano apatsa mphamvu patapita nthawi. Mvula ikagwa magudumu aterereka, ndipo athira mcenga pa njanji. Koposa zonse diso lace silicoka pa galasi loonetsa madzi, cifukwa madzi akacepa, denga la ng'anjo nkukhala pouma, mphikawo ukhoza kuphulika ndi kupha onse ali pamenepo. Mkuruyo ananena kuti injini iri yonse inali ndi mkhalidwe wace, ina yaulesi, ina yaukali, ndipo anaizindikira ndi khutu isanaoneke.

Akuru amati akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Nkhalamba ija inamwalira dzinja lapitali, ndipo moto unazimiradi. Palibe mmodzi wa ife, ngakhale ine ndemwe, amene analemba mau ace ali moyo. Ico ndico candiimiritsa pano.

Tsono timve m'mene anzathu a maiko ena anacitira. Ku Wales kuli kanjanji kochedwa Talyllyn, kotalika mamailo 7 ndi pang'ono, kopapatiza, pakati pa zitsulo zace mapazi 2 ndi mainchi 3, pamene yathu iri mapazi 3 ndi mainchi 6. Kanamangidwa m'caka ca 1865 kunyamula miyala yofolera nyumba kucokera ku phiri kunka ku Tywyn, m'mbali mwa nyanja. Mgodi utatsekedwa, mwini wace, Sir Henry Haydn Jones, anayendetsabe sitima kufikira imfa yace m'caka ca 1950. Pamenepo anthu wamba, wotsogolera wao wolemba mabuku Tom Rolt, anasonkhana ku Birmingham, napanga bungwe, ndipo m'caka ca 1951 anayamba kuyendetsa njanjiyo okha. Ndiyo njanji yoyamba pa dziko lonse kusungidwa ndi anthu ogwira nchito mwaufulu, osalandira malipiro. Injini imene inawasenza caka coyambaco, Dolgoch, inapangidwa 1866, ndipo inali yotopa kale. Njanji zinali zobisika m'udzu. Cimene ndifuna muone ndi ici: sanayambe ndi ndarama za Boma. Anayamba ndi msonkhano wonga uno, ndi zopereka za caka ndi caka, ndi manja a aphunzitsi, alembi ndi amisiri amene anapereka masiku ao opuma.

Koma musanyengeke kuti nkwapafupi. Njanji yosungidwa idya ndarama tsiku ndi tsiku. Ku Britain mphika wa injini uyesedwa caka ndi caka ndi munthu wodziwa, ndipo pakapita zaka ngati 10 injini iphwasulidwa, mipope nicotsedwa, kuti aone m'kati. Nchito imeneyo itenga miyezi, kapena zaka. Mitanda yogonapo njanji iola, maulalo afuna kuyang'anira, malasha ndi ogula. Ndarama za matikiti pazokha kawiri kawiri sizikwanira, cotero agulitsa tiyi ndi mabuku, napempha mphatso. Ndipo munthu sayamba ndi kuyendetsa. Ayamba ndi kupukuta injini ndi kucotsa phulusa zaka zingapo, pambuyo pace asonkha moto, ndipo akayesedwa nakhoza, ndipo apatsidwa mpando wa woyendetsa. Mwa njira imeneyo nzeru ya akuru ipita kwa ana, osati m'buku mokha, koma m'manja.

Pafupi ndi ife, ku Livingstone m'dziko la Zambia, nyumba imene kale inali yokonzeramo injini za kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills inasandutsidwa mosungiramo za njanji, ndipo mitu yambiri yakale iri m'menemo. Komweko anakonzanso sitima ya moto yochedwa Royal Livingstone Express yotengera alendo ku ulalo wa pa Victoria Falls, umene unamangidwa 1905. Ku Bulawayo nakonso kuli nyumba yotere. Njanji zao ndi za muyeso umodzi ndi yathu. Koma tinene zoona: ku Livingstone alendo acokera ku dziko lonse kudzaona mathithi, ndipo ndiwo alipira malasha.

Ndamva ena pano akunena kuti tipemphe kanjanji ka moto kokwera phiri lathu, kotengera alendo ku Mulunguzi. Abale anga, mau amenewo ndi okoma m'khutu, koma ine sindiwabvomera. Phiri ili ndi lotsetsereka kwambiri, njanji siinakhalepo, ndipo kumanga catsopano si kusunga cakale. Tikatuma kalata yotero kwa akuru, adzaiwerenga, nadzaseka, ndipo kalata yathu yaciwiri sadzaitsegula. Ngakhale kuutsa Shamrock kuti iyendenso sindikuika patsogolo. Citsulo ca zaka zoposa 100 cimene cakhala cozizira nthawi yaitali cifuna amisiri ndi cuma cimene msonkhano uno ulibe. Ndipo njanji za dziko lino, kuyambira 1999, ziri m'manja a kampani imene nchito yace ndi katundu, makamaka tsopano malasha a ku Moatize opita ku Nacala. Cimene cikhoza kucitika pa tsogolo ku Limbe, kumene kuli njanji ndi nyumba za amisiri, ndi nkhani ya anthu a ku Limbe pamodzi ndi eni njanji, ndipo tikaitanidwa tidzathandiza.

Cimene ciri m'manja mwathu lero ndi anthu. Munthu amene anasonkha moto ali ndi zaka 25 m'caka ca 1965 ali ndi zaka zoposa 80 tsopano. Otere alipo m'midzi ya Zomba muno, pakuti ambiri a kwathu anapita kukagwira nchito ku Limbe, nabwerera kudzakalambira kwao. Aliponso amai amene anagulitsa nthoci ndi nzimbe pa mazenera a mabogi, ndi amuna amene anakwera sitima kunka ku Salisbury kudzera ku Dondo, atamanga kamba pa nsaru. Anthu amenewa sadzadikira kuti tipeze ndarama.

Cifukwa cace, a Wapampando, ndiika pamaso pa msonkhano zinthu izi. Tisankhe anthu atatu, mmodzi akhale mai, ndi mmodzi mnyamata wodziwa kujambula mau pa lamya yace, kuti afunefune nkhalamba zonse za njanji m'dera lino mwezi uno usanathe. Mafumu athu atithandize maina, pakuti adziwa yense wa m'mudzi mwao. Popita kwa munthu wamkuru tisapite manja lende. Kathumba ka shuga ndi sopo zicoke m'thumba la msonkhano. Zimene anena zilembedwe m'cinenero cathu monga anazinena, osazikometsa, ngakhale zowawa za malipiro ndi za mabogi olekanitsa mitundu. Buku limodzi likhale kwa mlembi, lina tikapereke ku National Archives, imene mwa mwai iri mumzinda wathu uno. Ndipo dzinja lisanafike tibwereke galimoto, titenge ana a sukulu pamodzi ndi mmodzi wa nkhalambazo, akaime pambali pa Shamrock, awaonetse ndi dzanja lace pamene anaponya malasha ndi pamene anayang'ana madzi. Mtengo wa galimotoyo ndafunsa kale, ndipo ndaupereka kwa msungi wa cuma, kuti auwerenge tikatha kumva maganizo a Mafumu.